Ana aloweza go, went, gone, nanga amasochera bwanji polemba ndime?

Funso

Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pasukulu ina ya sekondale m'boma la Chadiza, kum'mawa kwa Zambia, ndipo ndimaphunzitsa ana amene angochoka kumene ku pulayimale, oposa 80 m'kalasi limodzi. Ndinawalembera pa bolodi mndandanda wa aneni a Chingerezi osatsata lamulo, anauloweza, moti ndikangoti go, kalasi lonse limayankha kuti went, gone. Koma ndikawauza kuti alembe zimene anachita pa tchuthi, chiganizo choyamba chokha ndicho chimakhala m'nthawi yakale, zotsatira zake zimasakanikirana, ndipo tsamba lonse limadzaza popanda kugawa ndime. Kodi ndiyambire pati?

Yankho

Aphunzitsi, yambirani pa chiganizo choyamba chimene mukuti anawo amachikhozacho, chifukwa ndicho chikuloza pamene pagona vuto. Mwana amene walemba went molondola pamzere woyamba sangakhale ataiwala mawuwo pofika pamzere wachitatu. Chimene chikuchitika n'chakuti mawu akulemba a Chingerezi, koma kayalidwe ka nkhani akukatenga ku Chichewa chimene anayamwira, ndipo m'Chichewamo kayalidwe kameneko n'kolondola ndiponso kokoma kukhutu.

Tamverani mmene ife timasimbira ulendo: “Loweruka ndinapita ku Chipata, n'kugula nsapato, n'kukumana ndi amalume, n'kubwerera kumudzi.” Aneni alipo anayi, koma amene wanyamula nthawi ndi woyamba yekha, ndinapita, ndipo atatu otsatirawo angotsamira pa iye. Womvera sasokonezeka, popeza anauzidwa kale kuti nkhaniyi ndi ya Loweruka. Mwana yemweyo akatenga cholembera amalemba kuti, “On Saturday I went to Chipata and buy shoes and meet my uncle and go back to the village.” Kwa iye ntchito yosonyeza nthawi inatha pa went. Chingerezi sichilola mneni kubwereka nthawi kwa mnzake mwanjira imeneyi: buy ayenera kukhala bought, meet akhale met, go akhale went, aliyense ndi chizindikiro chake, ngakhale atakhala khumi m'chiganizo chimodzi.

Mndandanda woloweza sungachize vuto limeneli, chifukwa mu mndandanda mneni aliyense amaima payekha, pamene cholakwacho chimabadwa aneni akayamba kutsatizana. N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti nthawi yakale muziiphunzitsira m'kati mwa ndime, ndipo kalembedwe ka ndime muzikaphunzitsa ndi nkhani za zimene zinachitika kale, kuti maphunziro awiriwa akhale limodzi.

Pa phunziro loyamba lembani pa bolodi chiganizo cha Chichewa chija pamwamba, cha Chingerezi chokonzedwa bwino pansi pake, n'kuitana mwana mmodzi kuti adzalembe mzere kunsi kwa mneni aliyense amene akusonyeza yekha kuti zinachitika kale. Pamwamba apeza mmodzi, pansi apeza anayi. Musafulumire kuwafotokozera, asiyeni anene okha kusiyana kumene akuona, ngakhale atanena m'Chichewa. Ndikudziwa kuti m'masukulu ena ahedi safuna kumva chilankhulo cha kunyumba pa phunziro la Chingerezi, ndipo maganizo amenewa ali ndi mizu yake, popeza lamulo la maphunziro la mu 1966 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira kuyambira Giredi 1. Komabe ana muli nawowa anayamba sukulu pambuyo pa 2014, pamene makalasi a Giredi 1 mpaka 4 kuno kum'mawa ankaphunzitsidwa m'Chinyanja, ndipo m'chilankhulo chimenechi ndi mmene anaphunzirira kuwerenga ndi kulemba. Kuyerekeza zilankhulo ziwirizi poyera kwa mphindi zisanu kumapindula kwambiri kuposa kusiya mwana kuti aziziyerekeza yekha mumtima, molakwika, chaka chonse.

Pali chinthu chachiwiri chimene chimabisala kumbuyo kwa choyambachi, ndipo ndi cha khutu. Ife nthawi timaiika kumayambiriro kwa mneni, tsinde osasintha: ndinagula, ndikugula, ndidzagula. Chinsenga cha ku Petauke ndi Chitumbuka cha ku Lundazi nazonso zimayenda chimodzimodzi pa mfundo imeneyi. Khutu la mwana linazolowera kusaka nthawi kutsogolo, pamene Chingerezi chimaiika kumapeto, ndipo chimaiika ngati kaliwu kakang'ono kopanikizika. Mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u, choncho mawu ngati walked, amene amathera pa k ndi t motsatizana, amalemera pa lilime. Ena amangodula n'kunena walk, ena amawonjezera n'kunena wokedi, ndipo amene sakumva chizindikirocho polankhula sachilembanso.

Pachifukwa chimenechi, yambani ndi aneni amene ed wake amamveka bwino, omwe ndi aja othera pa t kapena d: planted, weeded, harvested, wanted, visited. Mwamwayi ambiri mwa iwo ndi a kumunda, ndipo mwana wa ku Chadiza sangasowe chonena pa kubzala, kupalira ndi kukolola. Mukatero pitani kwa aja amene ed wake amamveka ngati d, monga played, cleaned ndi opened, n'kumalizira pa ovuta aja omveka ngati t, monga cooked, washed ndi picked. Ovutawa musawatchulitse paokha. Aikeni patsogolo pa mawu oyamba ndi lembo la liwu, monga “picked up”, “cooked it” ndi “walked away”, chifukwa pamenepo t uja amadumphira ku mawu otsatira, n'kumveka momwe lilime lathu limafunira. Mwana akamumva kangapo m'malo otere amayamba kumuzindikira ngakhale pamene waima kumapeto kwa chiganizo.

Mndandanda wanu uja musautaye, koma muufupikitse. M'mabuku ambiri umayalidwa motsata afabeti, n'kuyamba ndi aneni ngati arise ndi awake amene mwana sawafuna posimba za tchuthi. Sankhani makumi awiri kapena atatu amene amapezeka m'nkhani iliyonse, monga be, have, go, come, see, say, tell, take, give, get, make, find, eat ndi buy, ndipo muwaike m'mabanja malinga ndi kamvekedwe: bought, brought, thought, caught ndi taught pamodzi, sang, rang, drank ndi began pamodzi, cut, put, hit ndi shut, amene sasintha konse, pamodzinso. Pa teremu yoyamba mizati iwiri yokha ndi yokwanira, go ndi went. Mzati wachitatu ukabwera msanga, mwana asanadziwe ntchito yake, ndi umene umabala ziganizo ngati “I gone” ndi “I seen”. Ndipo mukaona wina walemba buyed kapena goed, musamulange, chifukwa walakwa m'njira yosonyeza kuti lamulo la ed lamulowa. Chimene chatsala ndi kumuuza kuti mneni uyu ali m'gulu lina.

Pa kukana ndi kufunsa, zinthu zimatembenuka, ndipo ana amadabwa nazo mwachilungamo. Mwawauza kuti mneni aliyense anyamule nthawi yake, ndiye amalemba “I did not went” ndi “Did you saw him?” Apa auzeni kuti did watenga kale nthawi yonse, kotero mneni wotsatira abwerere mmene analili. Izi zimakhazikika ndi kamwa kusiyana ndi cholembera: akhale awiriawiri, wina afunse mafunso asanu a dzulo, mnzakeyo akane limodzi mwa mafunsowo n'kunena chimene anachita m'malo mwake.

Tsopano tifike pa nthawi zina zakale, ndipo pano ndili ndi maganizo amene aphunzitsi ena sangagwirizane nawo. Mabuku amakonda kuzipereka zonse motsatizana m'milungu yochepa, koma ine ndimaona kuti mwana amene sanakhazikike pa went ndi bought sapindula kanthu ndi had gone. Yotsatira yoyenera ndi ija ya was ndi were, monga “I was digging”, chifukwa ndi imene nkhani imaifuna msanga. Vuto lake n'lakuti kachidutswa kathu ka nka kamagwira ntchito ziwiri zimene Chingerezi chimazilekanitsa. “Ndinkaweta ng'ombe ndili mwana” ndi chizolowezi cha kale, ndipo Chingerezi chimati “I used to herd cattle”. “Ndinkaweta ng'ombe pamene mvula inayamba” ndi ntchito imene inali m'kati pamene china chinachitika, ndipo apa ndi “I was herding cattle when the rain started”. Jambulani mzere wautali pa bolodi woimira kuweta, n'kuika kamtanda pakati pake koimira kuyamba kwa mvula, ndipo anawo abweretse zitsanzo zawo: magetsi kuzima amayi akuphika, njinga kuphulika tayala munthu akutsika phiri. Muwachenjezenso kuti know, have wa umwini, ndi like kawirikawiri salandira ing, chifukwa “I was knowing” ndi “I was having a dog” zimachokera ku ndinkadziwa ndi ndinali ndi galu.

Nthawi ya have ndi has, monga “I have seen”, ndiyo imasocheretsa kwambiri, chifukwa imafanana ndi ndaona wathu koma malire ake ndi ena. Ife timayang'ana kuyandikira kwa chinthu: zalero timati ndamuona m'mawa, zadzulo timati ndinamuona. Chingerezi sichifunsa kuti ndi pafupi bwanji. Chimafunsa ngati nthawi yatchulidwa ndipo yatha. Ikatchulidwa, have sabweranso, ngakhale chinthucho chitachitika ola lapitali. Chitsanzo chimene anyamata ndi atsikana omwe amachigwira msanga ndi cha mpira. Mu 2012 Chipolopolo inagonjetsa Côte d'Ivoire pa mapenate ku Libreville n'kutenga chikho cha Africa. Tikatchula chaka timati “Zambia won the cup in 2012”, koma tikamawerenga zimene dziko lapeza kufikira lero timati “Zambia has won the cup once”. Chochitika n'chimodzi, chasintha ndi funso limene tikuyankha. Popeza nkhani yosimba imakhala ndi tsiku lake lodziwika, have alibe ntchito yambiri mmenemo, ndipo mutha kumusungira teremu ina, pamene mudzaphunzitse kulemba kalata.

Had naye ali ndi msampha wake. Ana ambiri amaganiza kuti ndi wa zinthu zakalekale, ngati mmene ena amasiyanitsira ndinapita ndi ndidapita, ndiye amalemba had pa chilichonse chokhudza agogo awo. Apatseni chiganizo ichi: “The Ngoni crossed the Zambezi in 1835.” Papita zaka pafupifupi 200 chiwolokereni Zwangendaba ndi anthu ake, koma had palibe, chifukwa chochitika n'chimodzi chokha. Had amabwera pakakhala zinthu ziwiri zakale ndipo tikufuna kusonyeza chimene chinayamba. Mfundo imeneyi anawo ali nayo kale m'kamwa mwawo: “Titafika pa siteshoni tinapeza basi itanyamuka.” Itanyamuka ameneyu ndiye “the bus had left”. Mukayambira pa chiganizo chotere, phunziro la had limatha msanga kuposa mmene mabuku amalitalikitsira.

Kunena za ndime, cholakwika choyamba kawirikawiri chimakhala mutu umene tapereka. “My holiday” ndi mutu waukulu kwambiri, ndipo mwana akaupatsidwa amayamba ndi kudzuka, kusesa, kusamba, n'kumangolumikiza ndi and then mpaka pepala litatha, chifukwa palibe chomuuza poyambira kapena polekezera. Mupatseni chinthu chimodzi chochitika pa malo amodzi: tsiku limene anakumba nsawa, ola limene basi inawonongeka pa msewu wa Great East, m'mawa umene anafika ku Mtenguleni pa Nc'wala kumapeto kwa February, kapena ku Mkaika pa Kulamba mu August. Mutu ukachepa, ndime imayamba kuoneka yokha.

Kenako alembereni chitsanzo chachifupi chimene angachifikire, monga ichi: “Last May we harvested groundnuts in my grandmother's field. We left home before sunrise because the field is far. While my brothers were digging, I shook the soil from the plants. At noon we found that goats had eaten part of the heap. Grandmother shouted at the goats, and we carried the rest home.” Ziganizo n'zisanu zokha, koma muli zambiri mwa zimene takambirana. Choyamba chikunena liti, ndani, kuti, ndi chimene chinachitika, ndipo zina zonse zikutumikira chimenecho. Palibe chiganizo chokamba za tchalitchi kapena za mpira. Afunseni ana kuti apeze mneni mmodzi amene sali m'nthawi yakale. Akapeza is, afunseni chifukwa chake, ndipo wina adzayankha kuti mundawo udakali kutali mpaka lero. Yankho limenelo ndi lamtengo wapatali, chifukwa likusonyeza kuti mwanayo wayamba kusankha nthawi poganizira tanthauzo.

Asanalembe zawo, asimbe kaye pakamwa. Mwana auze mnzake nkhani yake kwa mphindi ziwiri, m'Chichewa ngati Chingerezi chikumukanika, kenako alembe m'mphepete mwa tsamba aneni asanu kapena asanu ndi mmodzi a nkhaniyo, awasandutse a Chingerezi a nthawi yakale, inu kapena mnzake awaone, ndiyeno amange chiganizo pa mneni aliyense. Mwana amene akulimbana ndi zonena, mawu, kalembedwe ndi nthawi pa kamodzi amagwetsa chimodzi, ndipo chimene chimagwa msanga ndi nthawi. Mukamugawira ntchitoyi m'zigawo, katundu amapepuka.

Pa vuto la chiganizo chosatha chija, njira imene ndimaikonda imachokera ku nthano. Wosimba nthano akamaliza ganizo amapuma, omvera n'kuyankha kuti tilitonse, ndipo palibe mwana amene amayankha pakati pa ganizo. Tengani nkhani imodzi yopanda mpumiro, osatchula mwini wake, muiwerenge mokweza pang'onopang'ono, ndipo kalasi liyankhe kuti tilitonse paliponse pamene likumva kuti ganizo lathera. Pamenepo ikani mpumiro pa bolodi, n'kufufuta and amene anali pamalopo. Ziganizo zikapatukana, afunseni kuti ndi pati pamene nthawi yasintha, pamene malo asintha, kapena pamene walowa munthu wina, chifukwa m'nkhani yosimba amenewo ndiwo malo oyambira ndime yatsopano. Mawu monga later, after that, when, while ndi the next morning muwabweretse pa nthawi imeneyi, ngati olowa m'malo mwa and then, osati ngati mndandanda wina woloweza. Tsiku lina lembani ziganizo za ndime imodzi pa timapepala tosiyana, mutisakanize, gulu lililonse litiyale m'dongosolo lake n'kufotokoza chimene chawathandiza kudziwa choyamba ndi chomaliza.

Chatsala ndi kuchonga, ndipo sindikupeputsa kulemera kwake. Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022 makalasi m'masukulu ambiri a boma adzaza, ndipo mphunzitsi amene akufuna kukonza cholakwa chilichonse m'makope 80 amatha ndi kupereka chimangirizo chimodzi pa mwezi. Ndime ya ziganizo zisanu kawiri pa mlungu imaphunzitsa zambiri kuposa masamba awiri kamodzi pa mwezi. Uzani ana kuti mwezi uno mukuyang'ana aneni okha, ndipo musunge mawu anu: kalembedwe kolakwika ka mawu ena mukasiye kaye. Mneni wolakwika musamukonze, ingolembani mzere kunsi kwake, mwini wake akonze yekha n'kulembanso ndime yonse, chifukwa kuphunzira kwenikweni kumachitika pa kulemba kwachiwiriko. Asanakupatseni makope asinthane, aliyense azungulize aneni onse a mnzake ndi pensulo. Zolakwa zambiri zimagwidwa pamenepo. Inu muzitenga makope a mzere umodzi kapena iwiri pa tsiku mosinthasintha, kuti pakutha pa mlungu aliyense akhale ataonedwa. M'kalasi lotere simulephera kupezeka ana angapo amene sangathe kumanga chiganizo n'komwe. Amenewo apatseni ndime yolembedwa kale yokhala ndi mipata ya aneni okha, kenako ya mipata yokulirapo, mpaka adzayambe kulemba paokha.

Muyembekezere kuti zolakwa zidzabwerera, makamaka nkhani ikamukoma wolembayo kapena nthawi ikamuthera, monga zimachitikira pa mayeso a Examinations Council of Zambia. Mwana akatengeka ndi zimene akusimba, dzanja limabwerera ku kayalidwe ka Chichewa, ndipo buy ndi meet amatulukiranso pakati pa tsamba. Choncho muwazoloweze kuyambira tsopano kusunga mphindi zisanu zomaliza kuti awerengenso zimene alemba kuyambira chiganizo chomaliza kubwerera kumwamba, chala chili pa mneni aliyense, akudzifunsa ngati mneniyo wanyamula nthawi yake. Akawerenga kuchokera pamwamba nkhani imawakoka ndipo saona kanthu, koma akachokera pansi chiganizo chilichonse chimaima pachokha, ndipo mneni wopanda chizindikiro amaonekera.